Nati Imene Ndinaikakamiza

Mpaka lero sindidya ndiwo zimene mafuta akuyandama pamwamba. Mayi a Tadala, akazi anga, amaganiza kuti ndi matenda a m'mimba amene ndinabwera nawo ku Joni, ndipo ine sindiwatsutsa. Koma mafuta akayandama choncho ndimaona mafuta a hayidirolika, aja ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka amene amakweza mikono ya thirakitala, ndiye ndimangokankhira mbale kutali.

Ndinachoka kwa Mauwa ndili ndi ana awiri. Ndinali mkamwini, ndipo munda umene apongozi anatigawira unali woti ukaima pakati n'kutsokomola, eni malire onse anayi amakufunsa ngati wadwala. Chimanga chinkatha mvula isanagwe n'komwe. Ndinkakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi chipatala, koma anthu akwathu njinga amakonza okha, kwa ine ankangobwera kudzabwereka pampu. Choncho tsiku lina ndinakwera basi ku Blantyre, kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, mpaka ndinawoloka mtsinje wa Limpopo m'njira imene sindikonda kuifotokoza.

Ntchito ndinaipeza pa famu ya mbatatesi, kutali ndi tauni, kumene ukayang'ana mbali zonse umangoona mizere ndi mapaipi othirira. Ogwira ntchito tinkagona m'khola lakale la nkhumba. Anangolipaka laimu n'kuikamo zitseko. Ngalande imene inkatulutsa ndowe inali ikadalipo pakati pa chipinda, ife tinkaikamo nsapato. Dzuwa likatentha, simenti inkatulutsa fungo la eni ake akale, ndipo fungolo linkalowa m'mabulangete, m'tsitsi, ngakhale mu sopo. Chakudya ankatipatsa mbatatesi zimene zakanidwa posankha: zobiriwira, zobooledwa ndi mphutsi, zina zofewa zoti ukazigwira chala chimalowa n'kutuluka ndi madzi onunkha. Tinkadula poola n'kuphika potsalapo.

M'kholamo ndi mmene ndinakumana ndi Jafali. Ndinali kukalipira nsikidzi m'chinenero chakwathu, ndiye ndinamva munthu akuseka pakona.

"Aise, Chinyanja chimenecho n'cha ku Chiradzulu," anatero. "Wakuti iwe?"

"Kwa Mauwa."

"Mlomwe weniweni! Ine wa pa Namadzi. Bwera ugone kuno, uko kumadontha."

Jafali anali Msilamu, ndiye taganizani kuti munthu wotero azigona m'khola la nkhumba. Tsiku lililonse ankakolopa pakona pakepo ndi madzi a sopo, n'kuyala mkeka umene anasoka ndi matumba a feteleza, n'kupemphera. Sankadandaula. Ankangoti Mulungu akudziwa kuti sanasankhe yekha. Iye ankayendetsa thirakitala, ndipo ankaiyendetsa mwaulemu, ngati yobwereka kwa apongozi.

Ine, popeza ndinanena kuti ndimadziwa sipanala, anandiika m'galaja kuti ndizithandiza makaniko wa pa famupo, a Machava, nkhalamba ya ku Mozambique yosayankhulayankhula. Iwo ndi amene anandiphunzitsa zonse zimene ndikudziwa.

Thirakitala imanyamula pulawo, kutukula ngolo ndi kukweza foloko yake yakutsogolo ndi mphamvu ya mafuta opanikizidwa m'mapaipi a mphira okhala ndi waya m'kati. Kumapeto kwa paipi iliyonse kumakhala chitsulo cholumikizira, ife tinkangoti fitingi, chokhala ndi nati ndi mazinga. Munthu wosadziwa akaziyang'ana amaona ngati zonse n'zofanana. Ine ndinkaonanso choncho. Koma mathirakitala a pa famupo anali ochokera m'mayiko osiyana, ina ku Mangalande, ina ku Amereka, ina ku Jeremani, ndipo dziko lililonse limadula mazinga ake. Ena ndi otalikirana, ena othinana, ena amanka nachepa kumapeto. Milomo yakenso ndi yosiyana: wina wosongoka ngati pensulo, wina wolowa m'kati, wina wafulati wokhala ndi kamphira kozungulira.

Tsiku loyamba a Machava anakhuthula ndowa ya mafitingi akale pansi n'kundiuza kuti ndiwapatule mitundu yake. Ndinapatula milu itatu. Iwo anabwera, anayang'ana, n'kupatula milu isanu ndi iwiri.

"Maso amanama, mfana," anatero. Anatulutsa kachitsulo kokhala ngati chipeso, koyezera mazinga, n'kundionetsa mmene mano ake amakhalira pa mazinga oyenera popanda kuwala kudutsa. "Ukasankha fitingi uyeze kukula, uyeze mazinga, kenako uyang'ane mlomo. Mazinga satseka mafuta, amangokoka. Chimatseka mafuta ndi milomo iwiri ikakumana bwino. Ndipo uyambitse ndi zala. Nati yake imayenda yokha ndi zala mpaka kumapeto, sipanala imangomalizitsa. Ikakana utangopotoza kawiri, si yake. Ibweze mu ndowa."

"Nanga tepi yoyera ija?" ndinafunsa, popeza ndinali nditaiona pa shelefu.

"Ija ndi ya mipope ya kubafa. Ndikadzakuona nayo pafupi ndi thirakitala ndidzakumenya nayo sipanala."

Tsiku lina paipi ya thirakitala ina inabooka kabowo kosaoneka ndi maso. Pankangooneka kankhungu ka mafuta. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndifufuze pamene pakutuluka, ndipo nkhalamba ija inandimenya pamkono mwamphamvu moti ndinamva dzanzi. Inatenga mbatatesi yaiwisi, kuibaya pa waya wautali, n'kuidutsitsa pafupi ndi paipiyo injini ikulira. Kunja kwa mbatatesiyo kunangooneka kadontho ngati pamene palasa singano. Ataidula pakati, mafuta anali atalowa mpaka kumtima kwake.

"Dzanja lako ndi lofewa kuposa iyi," anatero a Machava. "Ukafuna kupeza podontha, tenga katoni. Mafutawa akalowa m'thupi, mnofu umaola. Munthu akabayidwa, kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuseka."

A Machava sanakhalitse. Mwini famu anakalamba n'kusiyira zonse mkamwini wake, mzungu wamimba amene tinam'patsa dzina loti Mafodya. Ankatafuna fodya tsiku lonse n'kumalavula paliponse, ngakhale pansi m'galaja pamene ife tinkagona chagada pokonza. Kangapo ndinadzuka malovu ake akuda atamata kumsana kwa ovolosi yanga. Mafodya ankadana ndi chizolowezi cha a Machava chotumiza galimoto ku tauni kukagula fitingi imodzi. Ankati nkhalambayo ikuwononga nthawi pamene ndowa ili yodzaza ndi zitsulo. Anaichotsa ntchito. Pochoka, a Machava anandisiyira kachipeso kaja, ndipo galaja yonse inatsala m'manja mwanga.

Nthawi yokolola inafika. Thirakitala ya Jafali, ya Chijeremani, ndi imene inkakweza matumba akuluakulu a mbatatesi m'malole ndi foloko yake. Tsiku limenelo, lole itaima kale kudikira katundu, fitingi ya paipi yokweza foloko inathyoka. Ndinakhuthula ndowa yonse. Yake munalibe. Imene inayandikira inali ya Chingelezi, kukula kwake ngati komweko. Ndinaiyambitsa ndi zala. Inayenda kawiri n'kuima.

Mafodya anali ataima kumbuyo kwanga.

"Bwana, iyi si yake," ndinatero. "Pafunika kupita ku tauni."

"Yalowa kapena sinalowe?"

"Yalowa pang'ono, koma mazinga ndi osiyana. Mlomonso si umodzi."

Analavula pafupi ndi bondo langa. "Kwanu ku Malawi wamangapo mathirakitala angati? Pa geti pali anthu ambiri ofuna ovolosi imeneyo. Ndipo apolisi amakonda kucheza ndi anthu opanda mapepala. Manga."

Ndikanakonda kunena kuti ndinakangana naye nthawi yaitali. Ayi. Ndinadzuka, ndinakatenga tepi yoyera ija pa shelefu, ndinaikulunga pa mazinga mochindikala. Sipanala yokha inakanika, ndiye ndinailowetsa m'paipi yachitsulo kuti italike, n'kukoka ndi thupi lonse. Ndinamva m'manja mwanga mazinga akudyana, chitsulo chikulira ngati munthu akukukuta mano. Ndinakoka mpaka inaima. Jafali analiza injini, foloko inakwera, mafuta sanadonthe. Lole inadzaza. Mafodya anandimenya paphewa n'kunditengera chakumwa chozizira m'galimoto mwake, chinthu chimene anali asanachitirepo munthu wakuda aliyense pa famupo. Ndinamwa chonse. Chinali chokoma, ndipo zimenezo ndi zimene zimandinyansa kwambiri ndikakumbukira.

Fitingiyo inagwira tsiku limenelo ndi lotsatira. Ndinkadziwa kuti nati yokakamiza choncho imang'aluka pang'onopang'ono. Ndinkadziwanso kuti Jafali sanaonepo mbatatesi ya a Machava. Tinkadya m'mbale imodzi, tinkagona moyandikana, ndipo kangapo mawu anafika pamlomo oti, aise, ukaona kankhungu ka mafuta usayandikitse dzanja. Koma ndikanati ndinene zimenezo, akanafunsa chifukwa chake, ndipo ndikanayenera kuulula za nati ija. Ndinadziuza kuti Loweruka galimoto ikamapita ku tauni ndidzaitanitsa yake n'kuisintha mwakachetechete.

Lachinayi chakum'mawa Jafali analowa m'galaja akukupiza dzanja lamanja.

"Mlomwe, pali chinthu chandiluma pa thirakitala paja. Foloko imatsika yokha, ndiye ndimati ndipapase paipi ndione pamene pakudontha. Kaya ndi mavu."

Anatambasula chikhatho. M'munsi mwa chala cholozera munali kadontho kakang'ono, kopanda ngakhale magazi.  Ndinathamangira kwa Mafodya n'kumuuza kuti munthuyu apite kuchipatala pompano, mafuta alowa m'dzanja. Anabwera, anayang'ana, n'kuseka.

"Minga iyi. Mukufuna ndiimitse kukolola chifukwa cha minga?" Anatulutsa pulasitala ndi mapiritsi awiri a mutu.

Jafali nayenso anakana. "Kuchipatala akandifunsa mapepala, aise. Sizikupwetekanso kwambiri. Usadandaule."

Pamenepo ndikanakuwa. Ndikanam'nyamula ngakhale pa wilibala mpaka kumsewu. Ndinangoti, "Chabwino, tione mmene kuchere," n'kubwerera ku ntchito.

Pofika madzulo dzanja linali litatupa ngati buledi. Kutacha zala zinali ngati nthochi, zolimba, zotuwa, ndipo Jafali, munthu wosadandaula uja, ankaluma bulangete. Tsiku lachitatu chala cholozera chinada bii, khungu linayamba kusupuka, ndipo fungo linayamba. Ndakuuzani za fungo la nkhumba m'khola lija. Ili linaliposa. Linali lotsekemera moipa, ngati nyama imene yaiwalika m'jumbo padzuwa, losakanikirana ndi fungo la galaja. Anzathu anakoka mikeka yawo kupita mbali ina. Ntchentche zinadzaza pansalu imene tinamanga. Ine ndinkamasula nsaluyo n'kutsuka ndi madzi a mchere, ndipo ndikafinya pang'ono pankatuluka mafinya osakanikirana ndi mafuta ofiirira, n'kumayandama pamwamba pa madzi m'beseni. Ndinkamaliza kutsuka, kum'manga bwinobwino, kenako n'kuzungulira kuseri kwa khola kukasanza.

Amene anam'pulumutsa si ine. Anali amayi osankha mbatatesi. Mmodzi wa iwo, mayi wa ku Zimbabwe, analowa m'khola kudzam'patsa phala, anaona dzanjalo, n'kutuluka. Posakhalitsa makina osankhira anazima. Amayi onse anakhala pansi pamatumba n'kunena kuti sagwira mbatatesi ngakhale imodzi mpaka munthuyo atapita kuchipatala. Mafodya anatukwana, anaopseza, koma malole anali pamzere. Anam'kweza Jafali kumbuyo kwa galimoto, pamatumba opanda kanthu, kuti asanunkhitse kutsogolo. Anakam'tsitsa pa geti la chipatala n'kumuuza kuti akanene kuti anavulala akukonza galimoto ya mnzake ku lokeshoni.

Pobwerera, Mafodya anaima pa galaja n'kundiponyera kajumbo. Munali fitingi ya Chijeremani, yatsopano, yake yeniyeni. Anaigula pa ulendo womwewo. Ndinaiyambitsa ndi zala ndipo inayenda yokha mpaka kumapeto. Ntchito yonse sinatenge ngakhale nthawi yophika tiyi. Nati yakale ija nditaimasula inali ndi mng'alu wopyapyala ngati tsitsi.

"Kaitaye m'chimbudzi," anatero Mafodya.

Ndinakaitaya.

Madokotala anadula dzanjalo pamfundo. Mapepala sanam'funse n'komwe. Anangom'funsa chifukwa chimene anachedwera, n'kumuuza kuti akanabwera tsiku lomwelo mwina akanataya chala chimodzi chokha, mwinanso osataya.

Anabwerera m'khola muja chifukwa analibe kwina kopita. Ntchito inali itapatsidwa kale kwa munthu wina. Masiku awiri oyamba anakana kudya. Ndinkaganiza kuti ndi ululu, mpaka anandiuza chapansipansi kuti, "Mlomwe, dzanja latsalali ndi la kuchimbudzi. Chibadwire sindinaikepo chakudya m'kamwa ndi limeneli." Ndiye ndinayamba kum'dyetsa ndi supuni. Ndinkam'thirira madzi akamasamba kuti apemphere, ndinkam'manga lamba wa buluku, ndinkakolopa pakona pake paja. Anthu m'kholamo ankandiyamikira. Ankati Mlomwe uyu ndi m'bale weniweni, anthu otere ndi osowa. Mayi wa ku Zimbabwe uja anafika pondiphikira nkhuku.  Ndinkangoti zikomo.

Chilonda chitapola, tinam'pezera malo pa lole ya anthu onyamula katundu wopita ku Malawi. Pokwera anandikumbatira ndi mkono wake wopanda dzanja uja, n'kunena kuti ndikadzabwera ndidzam'peze pa Namadzi.

Ine ndinatsala zaka zina zingapo. Anthu amafunsa kuti unatsaliranji pamalo otero. Kwathu kunali ana, ndipo mwezi uliwonse ndinkatumiza kangachepe. Sindinakakamizenso nati ina iliyonse. Mafodya nayenso sanandiuzenso kuti manga; ndikanena kuti si yake, ankalavula n'kutumiza galimoto. Sitinakambiranepo za Jafali. Tinkangopewana maso ngati anthu awiri amene anaba mbuzi imodzi.

Nditabwerera kwa Mauwa ndinapeza nyumba yamalata, ndipo mwana wathu wachiwiri, amene ndinam'siya akukwawa, anandipatsa moni wogwada ngati mlendo. Ndinapezanso chinthu chimene sindinkachiyembekeza: thirakitala yakale yofiira itaima pabwalo la alamu anga a Gedion, mchimwene wa akazi anga. Ndalama zimene ndinkatumiza kuti tidzagule malo athuathu, banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti ziphatikizidwe ndi za a Gedion agule thirakitala yonyamula mchenga ndi njerwa. Ine sanandifunse.

"Achimwene anati ndi mmene zingatithandizire tonse," anatero mayi a Tadala akuyang'ana pansi. "Inu munali kutali."

A Gedion anali atanenepa, akuvala nsapato zosongoka, ndipo anthu ankawatchula kuti abwana. Ndinameza zonsezo. Mkamwini sakhala ndi pakamwa pa bwalo la eni mudzi. Koma tsiku lina ndinapita nawo cha ku Mikolongwe kukatsitsa mchenga pamalo pamene ankamanga nyumba, ndipo ndinaona mmene ngolo yake inkatukukira.

Paipi yotukula ngoloyo inaduka kalekale, ndiye anailumikiza ndi soketi ya mpope wa madzi, ija yotuwa yogula mu hadiweya. Tepi yoyera inali lendelende. Pamwamba pake anakulunga malegeni, mphira za chubu cha njinga, ngati akumanga mtolo wa nkhuni. Mafuta ankachucha n'kugwera m'beseni limene analimangirira pansi ndi waya, ndipo likadzaza ankawasefa ndi sokosi yakale n'kuwabwezera mu thanki, mchenga ndi tizirombo zili momwemo. Ngolo itakwera, mchenga wonyowa unakakamira, ndiye amuna awiri aganyu anayamba kugogoda pansi pake ndi mafosholo, mitu yawo ili pakati pa ngolo ndi chitsulo chapansi. Panalibe ngakhale mtengo wochirikiza. Mmodzi wa iwo anali bambo wa ana asanu wa m'mudzi mwathu momwemo. Ndipo dalaivala anatsika n'kuyamba kukanikiza malegeni aja ndi chala chachikulu kuti aone ngati agwira.

 Ndinam'kankha dalaivalayo mpaka anagwa pamchenga, ndinakuwira aganyu aja kuti achoke, n'kulamula kuti ngolo itsitsidwe ndipo injini izimitsidwe.

"Alamu, mwatani kodi?" anafunsa a Gedion.

"Chitsulo ichi n'cha madzi. Sichingapirire mphamvu ya mafutawa. Chikaphulika ngolo igwera anthu, ndipo mafuta akabaya munthu dzanja limaola."

Anaseka, n'kuyang'ana anthu kuti aseke nawo. "Kuno si ku Joni, alamu. Yakhala ikugwira ntchito chonchi chaka chonse. Pali maulendo atatu lero, tisachedwetsane."

 Ndinagwedeza ndodo yotukulira kuti mphamvu yotsala m'paipi ithe, ndinatenga sipanala m'bokosi lawo lomwelo, ndinamasula paipi yonseyo mbali zonse ziwiri, ndinaikulunga n'kuiika m'thumba. A Gedion anandigwira malaya. Anandikumbutsa kuti ndine wobwera, kuti mudzi si wanga, kuti mlongo wawo akhoza kupeza mwamuna wina mawa lomwe. Ndinawauza kuti andimenye ngati akufuna, koma paipiyo ipita nane. Anandisiya, mwina chifukwa cha mmene nkhope yanga inkaonekera.

Kutacha ndinapita ku Limbe, kumene kuli anthu opanga mapaipi amenewa ndi makina ofinyira. Ndinayeza mazinga ndi kachipeso ka a Machava, ndinayang'ana mlomo, ndinawauza kuti ndi ya Chingelezi ya mlomo wolowa m'kati, ndipo mnyamata wa pa kauntala anandiyang'ana kawiri. Pobwera ndinaimanga ndekha, ndinataya mafuta a m'sokosi aja, ndinadula mtengo wa bulugamu wochirikizira ngolo. A Gedion anataya maulendo a masiku awiri. Anakandinenera kwa apongozi, ndipo m'mudzi monse munamveka kuti bambo a Tadala anabwera ku Joni mutu utasokonekera. Mpaka pano alamu anga amandipatsa moni ndi chibwano. Koma paipiyo sanaichotse.

Pa Namadzi ndinachedwa kupitapo. Miyezi inadutsa ndikupeza zifukwa. Nditamaliza za thirakitala ya alamu ndi pamene ndinaona kuti zifukwa zandithera.

Ndinam'peza pafupi ndi poimira maminibasi, ali ndi benchi ya anyezi ndi tomato. Anali ataonda, ndevu zitayamba imvi. Mkono wa malaya anaupinda n'kuubaya ndi pini. Ndinaima patali n'kumuona akumanga jumbo ya kasitomala ndi dzanja lamanzere ndi mano.

"Mlomwe!" anakuwa atandiona. "Ndimayesa unafera m'khola muja."

Anandikhazika pa kreti, anaitanitsa tiyi, anafunsa za ana, za Mafodya, za mayi wa ku Zimbabwe uja. Anandiuza kuti anakwatiranso, mkazi wake woyamba anachoka. 

"Jafali," ndinatero, "pali nkhani imene ndabwerera. Nati ija ya pa thirakitala yako..."

"Imene inakana kulowa ija," anatero, akusanja tomato.

Ndinaika kapu ya tiyi pansi.

"Ndinali pa mpando wa thirakitala, aise. Ndinamva zonse zimene unauza Mafodya. Ndinakuona ukukulunga tepi, ndinakuona ukuwonjezera paipi pa sipanala. Unatuluka thukuta ngati ukupha ng'ombe."

"Ndiye nthawi yonse ija ndinkakudyetsa, unkadziwa?"

"Eya."

"Bwanji sunanene?"

"Ndikananena ukanachita manyazi n'kuyamba kundithawa. Ndiye buluku akanandimanga ndani?" Anaika tomato wina pamwamba pa mulu n'kuuyang'anitsitsa. "Za nati sindikusungira kanthu. Ndikanakhala iwe, Mafodya ataima kumbuyo kwanga, nanenso ndikanamanga. Koma ine sindinkadziwa kuti mafuta amabaya. Iwe unkadziwa. Tsiku ndinabwera ndi kadontho kaja, nkhope yako inasintha usanagwire n'komwe dzanja langa. Masiku awiri tinadya m'mbale imodzi, Mlomwe, osandiuza. Chimenecho ndayesa kuchipempherera, koma sichinachoke. Kaya chidzachoka, sindikudziwa."

Sanakweze mawu. Sanandiyang'anenso. 

Mayi wina anaima pa benchi n'kuloza mulu wa anyezi. Jafali anatenga jumbo, anayesa kuitsegula ndi zala za kumanzere, koma inali yatsopano, yomatana, ndipo mphepo inkaikupiza. Anayesa kawiri. Kenako anaitambasulira kwa ine, maso ali kwa kasitomala.

"Gwira apa," anatero. "Utsegule bwino, anyezi asagwe."

Ndinagwira ndi manja onse awiri.